Wokhala Pambali pa Mwana Woyamba Kumene

Mwa anthu amene ntchito yawo sitamandidwa pabwalo, ine ndilemekeza mphunzitsi uja amene, m'chipinda chotentha ku Kasungu, fumbi litayanga pa mabatani, amakhala pambali pa mwana wolemba pulogalamu yake yoyamba ya Python. Mwanayo walemba input, makina afunsa zaka zake, iye wayankha 18. Koma pofika pa if, pamene 18 ayenera kuyerekezedwa ndi nambala inzake, makina akana. Mphunzitsi salanda mabatani, chinkana zala zimuyabwe. Angoloza mzerewo nafunsa mofatsa, kufikira mwana azindikira yekha kuti input ibweza mawu, ndipo int ndiyo isandutsa mawuwo nambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo amkumbutsa za amake posankha fodya m'chigafa: tsamba likakhala losang'ambika liikidwa apa, likapanda kutero liikidwa apo, ndiyo if ndi else.

William Kamkwamba wa ku Wimbe anadziphunzitsa ndi mabuku, namanga makina amphepo. Koma ana ambiri, pakadasowa munthu woleza mtima chotere, akadatseka kompyuta pa cholakwa choyamba, nadziyesa mbuli, chikhalirecho chimene chidasowa pa mzerewo ndi zilembo zitatu zokha.