Chogwirira Chitseko, Mtsuko ndi Bokosi la Mkungudza

M'minda ya tiyi ya ku Mulanje muli nyumba zakale za njerwa, za makonde aakulu, zimene zinamangidwa m'masiku a Atsamunda. Pa zitseko za zina mwa nyumbazo pakali zogwirira za mkuwa, zobulungira ngati dzira. Munthu wofuna kulowa amagwira, napotoza, nakankha, osayang'ana chimene wagwira. Koma wina akakhala pansi ndi pensulo ndi pepala kuti achijambule, sapita patali asanazindikire kuti sanali kuchidziwa konse. Pamwamba pake, pamene pamafika chala chachikulu, mkuwa uli waliwali. Kunsi kwake ndi pafupi ndi thabwa wada, penanso wabiriwira. Pa thabwa lenilenilo pali kamalo kosalala pamene zikhadabo zinafufuta utoto. Si mmisiri amene anaika zonsezi ayi. Ndi manja a anthu olowa ndi otuluka.

Alipo anthu amene amayesa kuti chinthu chokongola ndi chokhacho chokhala ndi maluwamaluwa, chogulidwa ndi ndalama zambiri, choikidwa pa kabati kuti alendo achione. Maganizo amenewa ali olakwa, ndipo njira yapafupi yoonera kulakwa kwake ndiyo kujambula, pakuti wojambula sanyengeka msanga monga anyengekera wopenya wamba.

Chogwirira chija chili ndi mbiri yake, ndipo si yokoma yonse. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anadzala mbewu zochokera ku Mishoni ya Blantyre pa munda wa Thornwood. Minda itachuluka, nyumba za eni ake zinachulukanso. Zipangizo za mkuwa zotere zambiri zinali kusulidwa ku Birmingham, mzinda wa ku England. Zinkabwera pa nyanja kufika ku Chinde, nizikwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire pa sitima ya pamadzi, kenaka pa mitu ya amtengatenga, kufikira njanji yodzera pa Luchenza inatha kumangidwa mu 1908. Nanga amene anali kupukuta mkuwawo kuti uwale anali yani? Anali antchito a m'nyumba, ana a anthu okhala pa minda ya Azungu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, amene anali kulipira malo okhalapo ndi thukuta lawo pa lamulo la thangata, limene linatha mu 1962. Wojambula woona mtima sabisa zimenezi. Akaona kuwala kwa mkuwa akumbukire kuti dzanja limene linali kuupukuta kawirikawiri linali kulowera ku khomo la kuseri.

Tsono munthu asayese kuti zoyenera kujambula zili m'nyumba za pa esiteti zokha. Chitseko cha kumudzi cha bango kapena cha nsungwi, chotsekedwa ndi mpiringidzo, chili ndi nzeru yofanana: nachonso mtengo wake umasalala pakati, pamene dzanja limaugwira usiku uliwonse. Mpini wa khasu umachita chimodzimodzi, ndi mthiko, ndi munsi umene umaonda pakati chifukwa cha manja a osinja.

Koma choposa zonse ndi mtsuko. Mayi woumba alibe makina, alibe muyeso. Ali ndi dothi, madzi, ndi kamwala kosalazira. Komabe palibe mbali ya mtsuko imene ilibe chifukwa chake. Khosi ndi lopapatiza kuti madzi asatayike poyenda. Mimba ndi yaikulu kuti alowe ambiri. Pansi ndi pobulungira kuti pakhale bwino pa nkhata, ndiponso pa kadzenje ka pakona pa nyumba. Dothi lowotchalo lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira m'menemo ngati thukuta, ndipo pouma amatenga kutentha, kotero kuti otsala m'kati amazizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Timizere ta pa phewa ndi tochepa, tongokwanira kuonetsa pamene mimba ithera ndi pamene khosi liyambira. Mawanga akuda ndi ofiira anabwera ndi moto, ndipo palibe mitsuko iwiri yofanana mawanga.

Wophunzira akayamba kujambula mtsuko amalakwa pa malo amodzi pafupifupi nthawi zonse. Amalemba kamwa lake lozungulira ngati chilembo cha O, chifukwa mutu wake umadziwa kuti ndi lozungulira. Koma atakhala pa mphasa nayang'anitsitsa, aona kuti kamwalo likuoneka lophwatalala ngati diso. Apa mpamene pali phunziro lonse: kulemba chimene maso aona, ndi kusiya chimene mutu unazolowera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lichero limafuna kudekha koposa, pakuti timizere ta nsungwi timadutsana mwa chiwerengero, ndipo amene sawerenga kuti kamodzi kakwera pa tingati ndi kulowa pansi pa tingati ajambula ukonde m'malo mwa lichero.

Tsopano zimenezi zilinganizidwe ndi mabokosi a mkungudza, mtengo umene ambiri amautcha sida, amene amisiri a pa Likhubula akhala akugulitsa kwa okwera phiri kwa zaka zambiri. Ena mwa mabokosiwo ndi opala bwino ndithu. Matabwa ake amalumikizana osasiya mpata, chivundikiro chimatseka mwakachetechete, ndipo fungo lake limakhala m'nsalu kwa nthawi yaitali. Bokosi lotere likadakhala lopanda chosema chilichonse likadakwanira, popeza thabwa la mkungudza lili ndi mizere yakeyake yofiirira. Koma pa ambiri mmisiri sanasiye ngakhale malo oika chala. Pali phiri, pali dzuwa, pali kanyumba, pali mayi wosinja, palinso njovu, ngakhale kuti pa phiri la Mulanje palibe njovu. Diso limasowa popumira, ndipo fumbi limadzaza m'maenjemo. Wojambula akayesa kulemba chivundikiro chotere amatopa asanaphunzirepo kanthu, chifukwa chosema chimodzi sichifotokoza chifukwa chimene chinzake chakhalira pamenepo. Mtsuko uli ndi mizere itatu kapena inayi, koma uliwonse uli pamalo pake.

Mlandu suli pa amisiri okha. Iwo ali ndi ana ofuna chakudya ndi zovala, ndipo amasema chimene mlendo afuna kunyamula popita kwawo. Luso ali nalo. Chimene chinawasokeretsa ndi diso la wogula. Chomvetsa chisoni ndi mtengo umene unathera pa malonda a matabwa. Mkungudza umenewu umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje lokha. Alexander Whyte anatenga zitsanzo zake mu 1891, ndipo dzina lake la akatswiri a zomera, Widdringtonia whytei, limakumbutsa iyeyo. Chiswe sichiudya, n'chifukwa chake unali kufunidwa pa zitseko, mazenera ndi madenga. Mu 1984 unatchedwa mtengo wa dziko la Malawi. Komatu ocheka mozemba ndi moto wa m'tchire sizinauleke, ndipo pofufuza mu 2017 inapezeka mitengo yaikulu 7 yokha. Mbande zikubzalidwa, koma mkungudza sukula msanga. Chotero chitseko chakale cha mkungudza, chopanda chosema, cha chogwirira chake chothimbirira, tsopano chasanduka chinthu chosowa, ndipo nyumba yake ikagwa sichidzapezeka china cholowa m'malo mwake.

Nzeru yolemekeza zipangizo wamba anaidziwanso ojambula a maiko ena. Mu 1888, mu mzinda wa Arles ku France, Vincent van Gogh anajambula mpando wake. Unali mpando wa anthu osauka, wa mtengo wachikasu, pokhalira pake poluka ndi udzu. Pamwamba anaikapo kaliwo ndi fodya. Kumbuyo kuli bokosi la anyezi, ndipo pambali pakuoneka chitseko. Kalipentala atachiona chithunzicho angadandaule kuti miyendo siilingana ndiponso kuti pansi pakuoneka ngati popendekeka, ndipo sanganame. Koma wopenya amamva kulemera kwa mpandowo, nadziwa kuti mwini wake wangonyamuka kumene. Van Gogh sanaukometse mpando. Anauyang'ana kufikira ataudziwa. Lero chithunzicho chili m'nyumba yosungiramo zithunzi ya National Gallery ku London, ndipo anthu amaima pamzere kuti aone mpando umene kalipentala wa pa Chitakale angapale wouposa.

M'sukulu zambiri phunziro la kujambula limayenda mobwerera. Ana amakopera m'buku nyumba ya chumuni ndi chipatso chimene sanachidyepo, pamene chikho chimene amwera m'mawa chili pomwepo osachiyang'ana. Akulu amene aphunzira kulemba ku sukulu za kwacha asatsate njira imeneyo. Dzanja limene lagonjetsa zilembo likhoza kugonjetsanso mthiko, pakuti mizere ndi yomweyo: woongoka, wokhota, wozungulira. Ndiponso munthu wamkulu ali ndi mwayi woposa mwana, popeza anasenzapo mtsuko, anagwirapo khasu, ndipo akudziwa kale pamene chipangizo chimalemera ndi pamene chimayamba kutha.

Zofunika ndi zochepa. Pensulo ikasowa, khala la pa moto likwanira. Pepala likasowa, chikuto cha kope lakale chikwanira. Chipangizo chiikidwe pakhomo, pamene kuwala kuchokera mbali imodzi, kuti mthunzi uonetse kubulungira kwake. Maso akhale nthawi yaitali pa chinthucho kuposa pa pepala. Ndipo ntchitoyi isachedwe, chifukwa zigubu ndi ndowa za pulasitiki zalowa m'nyumba zambiri, oumba akuchepa, ndipo madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola ziwiya za mabanja ambiri a m'tsinde mwa phiri pamodzi ndi nyumba zawo. Ngati mlomo wa mtsuko unabenthuka, wojambula alembe kubenthukako monga kulili, osakukonza. Akatha, alembe pansi pa chithunzi dzina la chipangizocho, dzina la amene anachiumba kapena kuchisema, mudzi wake, ndi chaka.