Dwindle si kuchepa chabe

Zimandinyansa ndikaona mabuku ena ophunzitsira Chingelezi akuunjika dwindle, wane ndi ebb pamodzi n'kungoti onsewo ndi "kuchepa". Ayi ndithu. Wane ndi wa mwezi: umatha, koma umaonekanso. Ebb ndi madzi a m'nyanja yamchere akamaphwa, ndipo pakapita maola angapo amadzazanso. Ndiye mtolankhani akati mphamvu za chipani zachita ebb, ine ndimamva kuti tisachiike m'manda msanga. Dwindle alibe chifundo chotero. Anachokera ku dwinan, liwu la Chingelezi chakale lotanthauza kufota mpaka kutheratu, ngati ufa m'thumba mu February. Wophunzira wanga wina analemba kuti ndalama zake zachita wane. Ndinamufunsa: "Ndiye zibwerera mwezi ukaoneka?"