Khungu la Chiron ndi tebulo losadziwa nkhope

Munthu akaona koyamba zithunzi zongotuluka kumene m'kamera yojambulira mafilimu amaganiza kuti kamerayo yawonongeka. Zimakhala zotuwa mbuu, ngati zawazidwa phulusa, ndipo nkhope zimaoneka ngati za odwala. Chimachititsa ndi njira yojambulira yotchedwa log, imene imapanikiza kuwala konse, kuyambira mthunzi wa pansi pa mtengo mpaka dzuwa lothwanima pa malata, kuti kukwane m'fayilo. A ARRI amaitcha Log C, a Sony ali ndi S-Log3. Kuti zithunzizo zioneke bwino pa TV, imene imatsata muyezo wa Rec.709, pamafunika chobwezeretsa mitundu. Chinthucho chimatchedwa LUT.

LUT ndi tebulo la manambala basi. Limauza kompyuta kuti ikapeza kufiira kwakuti, kubiriwira kwakuti ndi buluu wakuti, iike mtundu wina m'malo mwake. Tebulo lofala limakhala ndi magawo 33 pa mtundu uliwonse mwa itatuyo, zonse pamodzi mfundo 35,937, ndipo zapakati kompyuta imangoyerekeza. Tebulolo silidziwa kuti ili ndi tsaya la mwana, icho ndi chitseko chabulauni. Manambala akafanana, limazichitira chimodzimodzi.

Ndimakumbukira zimenezi nthawi zonse ndikamaonera Moonlight, filimu ya Barry Jenkins ya mu 2016, imene inapata Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2017. Imasimba za Chiron, mnyamata wa ku Liberty City mumzinda wa Miami, m'magawo atatu: ali mwana, ali wachinyamata, ali wamkulu. James Laxton anaijambula ndi Alexa, ndipo Alex Bickel ndiye anakonza mitundu. Gawo lililonse linalandira LUT yake, yotsanzira filimu zakale zimene ankatsuka ndi mankhwala: loyamba Fuji, lachiwiri Agfa, lachitatu Kodak.

Woonera safunika kudziwa mayinawa kuti amve zimene zikuchitika. M'gawo loyamba, pamene Juan akuphunzitsa mwanayo kusambira, khungu limakhala lofunda, lonyezimira pakati pa madzi, ndipo umaona kuti mwana uyu akhoza kukondedwa. M'gawo lachiwiri kuwala kumalowa buluu wobiriwirako, wozizira, makonde a sukulu amasanduka malo amene munthu amayenda akucheuka. M'gawo lachitatu Chiron wavala mano agolide ndi thupi lamphamvu, chithunzi chayera ndi kusalala, koma m'lesitilanti ya Kevin kufunda kuja kumabwerera pang'onopang'ono pankhope pake. Mdima wa m'filimuyi ndi wakuya, komabe nkhope sizimira. Mphumi, mphuno ndi milomo zimaonekabe, ndipo anthu akuda awiri akaima pamodzi aliyense amakhala ndi mtundu wake.

Pali china chimene chimandivutabe. Filimu zakale zimene matebulo amenewa amatsanzira sizinapangidwe poganizira ife. Kwa zaka zambiri makadi a Kodak oyezera mitundu m'malo otsukira zithunzi, otchedwa Shirley, ankakhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu. Choncho kukongola kwa Moonlight sindikuika pa Fuji kapena pa Agfa. Ndikuika pa anthu amene anayamba ndi kuwalitsa nkhope moyenera pojambula, n'kukhala pansi kupinda matebulowo mpaka atamvera khungu la osewerawo.

Apa ndi pamene ambiri a ife timaphonya. Pa intaneti pali ma LUT ogulitsa ndi aulere osawerengeka, ambiri okankhira mithunzi ku buluu ndi khungu ku olenji. Ine ndinagweramo. Ndinaika imodzi pa kanema wa ukwati amene ndinajambula ndi S-Log3, n'kudziona ngati katswiri. Mayi a mkwatibwi atamuonera anangoti, "Achimwene, mwana wangayu si wofiira chonchi." Ndinayang'ananso ndi maso awo. Mkwatibwi anali ngati wapakidwa dothi la katondo, ndipo mkwati, yemwe anali woderapo, anatsala maso ndi mano okha. LUT ija inali itadula zonse za mumthunzi zimene kamera inasunga mosamala.

Kukonza kwake kunali kosavuta, kungoti kumafuna kudekha. Mu DaVinci Resolve ndinayamba ndakonza kuwala ndi kuyera kwa zoyera pa chithunzi cha log, LUT isanafike, chifukwa chimene LUT yadula sichibwerera ukakonza pambuyo pake. Ndinagwiritsa ntchito tebulo lopangidwira kamera yomweyo, popeza la Log C silikwana pa S-Log3. Zokometsera ndinaika pomaliza, pang'ono, maso ali pa nkhope.

Dzina la sewero la Tarell Alvin McCraney limene filimuyi inachokera limanena kuti anyamata akuda amaoneka abuluu pa kuwala kwa mwezi. Pa chithunzi chomaliza, mwana uja waima m'mbali mwa nyanja usiku, msana wake uli buluu ndithu, kenako amacheuka. Buluu ameneyo anasankhidwa ndi anthu amene anamuyang'anitsitsa mwanayo. Mkwatibwi uja ine ndinali ndisanamuyang'ane choncho, mpaka mayi ake atandiuza.