Carlyle ndi Ngwazi Zake: Adamasula Akapolo Ndani?

M'mwezi wa Meyi 1840, Thomas Carlyle, mlembi wa ku Scotland, adakamba nkhani zisanu ndi imodzi mumzinda wa London, ndipo chaka chotsatira zidasindikizidwa m'buku lotchedwa On Heroes, Hero-Worship, and the Heroic in History. Mfundo yake ndi yakuti mbiri ya dziko lapansi ndi ntchito ya anthu oŵerengeka, monga Luther, Cromwell ndi Napoleon, ndipo anthu wamba amangotsatira pambuyo. Sitikana, bukuli ndi lokoma poliŵerenga, ndipo kukoma kwakeko ndiko kwasocheretsa ambiri. Wophunzira mukamfunsa chimene chidathetsa ukapolo ku America, amangoti Lincoln, basi.

Tiyeni tiyese chiphunzitsochi pa nkhani yomweyi. Mu 1860 ku America kudali akapolo pafupifupi mamiliyoni 4, ambiri mwa iwo m'minda ya thonje. Abraham Lincoln poloŵa upulezidenti mu Marichi 1861 adanena poyera kuti sadzaukhudza ukapolo m'zigawo zimene udali wokhazikika kale. Chimene ankafuna ndi kuti dziko lisagaŵikane. Nanga adasintha bwanji? Mu Meyi chaka chomwecho, nkhondo yapachiŵeniŵeni itangoyamba, akapolo atatu adathaŵira ku Fort Monroe m'chigawo cha Virginia, ndipo mkulu wa asilikali Benjamin Butler adakana kuwabweza kwa mbuye wawo. Zikwi zidatsata njira yomweyo, mpaka boma lidasoŵa pozembera. Frederick Douglass, amene iye mwini adathaŵa ukapolo mu 1838, sadaleke kumdzudzula Lincoln chifukwa cha kuzengereza. Chilengezo cha ufulu cha pa 1 Januwale 1863 sichidakhudze nkomwe Kentucky, Maryland, Delaware ndi Missouri. Anthu akuda pafupifupi 180,000 adaloŵa usilikali, ndipo lamulo lothetseratu ukapolo lidakhazikika mu Disembala 1865, Lincoln ali m'manda.

Potero sitikuti Lincoln adali ngati tsamba lotengeka ndi madzi. Akadatha kukana kusaina, ndipo George McClellan, amene adapikisana naye pa chisankho cha 1864, sankafuna kuti nkhondoyo ikhale yomasula akapolo. Ufulu wa munthu wosankha chochita uli ndi malo ake m'mbiri. Kulakwa kwa Carlyle kuli pena. Aristotle adatiphunzitsa kuti chinthu chimodzi chimakhala ndi zifukwa zamitundu ingapo. Carlyle adatola chimodzi, dzanja logwira cholembera, nachiyesa chonse. Akapolo atatu aja adasankhanso mwaufulu, pamene chilango cha wogwidwa chidali choopsa, koma chiphunzitso chakechi chilibe powaika.

Ndipo sikuti kudali kungoiŵala chabe. Woyesa ngwazi kuti ndiyo yokha yochita zinthu sachedwa kuwaona ena onse ngati oyenera kungolamulidwa. Mu 1849 Carlyle adalemba nkhani yonyoza anthu akuda omasulidwa a ku West Indies, nanena kuti akakamizidwe kugwira ntchito. John Stuart Mill adamtsutsa. Mu 1865 bwanamkubwa wa ku Jamaica, Edward Eyre, adathetsa chipolowe cha ku Morant Bay mwankhanza, ndipo anthu oposa 400 adaphedwa. Mill adafuna kuti Eyre azengedwe mlandu. Carlyle adali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe lomuikira kumbuyo.