Operekeza Alendo ku Fort Lister

Operekeza alendo a ku Phalombe ndimawalemekeza kwambiri. Wina anatitsogolera m'mamawa kukwera ku Fort Lister, mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, katundu wathu ali pamutu, patapata kuphazi. Anatiimitsa pa mabwinja a linga limene Angelezi anamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Kenako analoza kumene kunatsikira napolo wa mu 1991, mawu ake n'kutsika, pakuti m'mudzi mwawo analira maliro ambiri.

Mtambo utangokuta nsonga, anati ku Sombani, kumene tinkafuna kukafika, tisapite lero, ndipo sitinatsutse. Anatitungira madzi ozizira pamtsinje, chigwa chonse chili tantha kumunsi mpaka kunyanja ya Chilwa.