Nkhani zimene timakamba mayi akamwalira pobereka: ndemanga ya buku la Claire Wendland

Mayi akamwalira pobereka, thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba ya chisoni, nkhani zimakhala zitayamba kale kuyenda. Kuchipatala amati anabwera mochedwa. Akuchikazi amati mwamuna ankayenda njira zokhota mkazi wake ali ndi pakati. Anansi amanong'onezana za mwanamphepo amene malemu anamwa kuti matenda afulumire. Namwino amene anali pantchito usiku umenewo akaweruka amauza mnzake kuti magazi oti amuike sanapezeke. Pafomu ya boma pamalembedwa mawu awiri kapena atatu basi. Buku la Claire L. Wendland, Partial Stories: Maternal Death from Six Angles, limene linasindikizidwa ndi University of Chicago Press mu 2022, likufunsa kuti mwa nkhani zonsezi ndi iti imene imakafika ku likulu n'kusanduka lamulo, ndi iti imene imathera pasiwa, ndipo zikatero chimawachitikira n'chiyani amayi amene akali moyo.

Wendland ndi dokotala wa amayi, munthu woti wachiritsapo amayi ndi manja ake ndi kuwachita opaleshoni, komanso ndi katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya Wisconsin-Madison ku America. Ku Blantyre si wachilendo kwenikweni. Buku lake loyamba, A Heart for the Work, la mu 2010, linkakamba za ophunzira udokotala pa College of Medicine, sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. M'buku lachiwirili walowa m'chipinda chochiliramo amayi, kenako watuluka n'kukakhala pansi ndi anamwino, madokotala, azamba akumudzi, asing'anga ndi akatswiri owerengera imfa. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Wendland ndi koti amadziwa kuwerenga faelo ya wodwala ngati dokotala, koma amadziwanso kutseka pakamwa n'kumvetsera gogo amene sanapiteko kusukulu.

Kwa ife a ku Maselema nkhaniyi imadutsa pakhomo penipeni. Maambulansi ochokera ku Limbe ndi ku Bangwe amatsika mumsewu wa Masauko Chipembere usana ndi usiku kulowera ku chipatala chachikulu cha Queens. Boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake chachikulu monga momwe alili maboma ena, choncho mayi amene zavuta ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu ku Machinjiri, ulendo wake umakathera ku Chatinkha, wodi yochiliramo amayi ya ku Queens. Wowerenga wa m'tauni muno sadzafunika womuuza kuti makonde amene akufotokozedwa m'bukuli amaoneka bwanji, kapena kuti gadiyani amagona pati.

Kukula kwa vutoli kumaoneka m'kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu. Mu 1992 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira. Mu 2000, Edzi ili pachimake, chiwerengerocho chinakwera kufika 1,120. Mu 2004 chinali 984, mu 2010 chinatsika kufika 675, ndipo m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chinali 439. Bukuli likukumbutsa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 12 aliwonse m'dziko muno akanatha kuyembekezera kuti tsiku lina adzafa ndi pakati kapena pobereka. Imfa zochuluka chotero sizikanangodutsa popanda anthu kuzifunira tanthauzo, ndipo aliyense analifuna kuchokera pamene waima.

Bukuli lagawidwa m'mitu isanu ndi umodzi, ndipo mutu uliwonse ukuyang'ana imfa ya mayi kuchokera mbali yakeyake: mbiri ya dziko, kagwiridwe ntchito ka thupi, zipangizo ndi mankhwala, chabwino ndi choipa pamene zinthu zili zosowa, ziwerengero, ndiponso ulamuliro. Pakati pa mitu pali timagawo tatifupi momwe anthu ogwira ntchito yothandiza amayi akulankhula za ntchito yawo ndi zomwe aona. Timagawo timeneti ndi timene tandikhudza kwambiri. Mzamba wakumudzi sanamuike m'bukumu ngati chitsanzo cha umbuli, ndipo namwino sanamuike ngati chitsanzo cha nkhanza. Onse akuoneka ngati anthu oganiza, amene anaonapo mayi akutsirizika m'manja mwawo ndipo mpaka lero akali kudzifunsa kuti chinalakwika n'chiyani.

Chimene Wendland wachigwira bwino m'mitu yoyambirira ndi chakuti anthu osiyana kotheratu amagwirizana pa mfundo imodzi, yoti zinthu zinasintha ndipo kusinthako kukupha amayi. Koma ukawafunsa kuti chinasintha n'chiyani, mayankho amasiyana. Wina amaloza ana a masiku ano amene amatenga pakati thupi lisanakhwime ndipo samvera malangizo. Wina amaloza kutha kwa mwambo, mdulo ndi tsempho zimene anthu anasiya kuziopa. Wina amaloza umphawi, matenda atsopano ndi zipatala zimene zinadzaza. Aliyense ali ndi "kale" lake limene amalilakalaka. Wolembayu sakuseka maganizo a kutentha ndi kuzizira kwa thupi, komanso sakunamizira kuti amafanana ndi zomwe zili m'mabuku a udokotala. Akungoonetsa kuti onsewa ndi njira zimene anthu amayesera kudziwa thupi la mayi, thupi limene ngakhale dokotala wophunzira bwino salidziwa lonse.

Mutu wa zipangizo ndi mankhwala ukutsindika kuti chinthu chomwecho chimene chimapulumutsa chimathanso kupha, malinga ndi manja amene achigwira ndi malo amene chagwiritsidwira ntchito. Powerenga ndinkaganiza za mwanamphepo. Kusikelo amayi amauzidwa mobwerezabwereza kuti asamwe mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, chifukwa chiberekero chikhoza kung'ambika, ndipo chenjezo limeneli ndi loona. Koma oxytocin wa kuchipatala amagwiranso ntchito yolimbitsa kukoka kwa chiberekero. Akaperekedwa pa mlingo woyenera, namwino ali pafupi kuyang'anira, amapulumutsa, makamaka poletsa kutaya magazi mwana akangobadwa. Akaperekedwa mopitirira pa nthawi ya matenda, popanda woyang'anira chifukwa namwino mmodzi akuthamangira amayi ambiri, angathe kuchita zomwezo zimene timanenera zitsamba. Mayi akafa ndi zitsamba, cholakwa chimakhala chake ndipo aliyense amamva. Akafa ndi dontho la m'dilipi limene panalibe woliwerenga, nkhaniyo kawirikawiri siituluka m'chipindamo.

Za kusowa kwa zinthu sindichulukitsa, chifukwa tonse tikuzidziwa. Mayi aliyense amene anakonzekerapo kukachira amadziwa zolongedza: zitenje zingapo, beseni, pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, ndi tochi kapena kandulo poopa kuti magetsi angazime. Amadziwanso kuti sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala, popeza ambiri amene amapereka magazi ndi ana asukulu. Chatsopano chimene bukuli likuwonjezera ndi funso la chikumbumtima: namwino amene watsala ndi zochepa, ndipo ayenera kusankha woyamba kumuthandiza, timuweruze ndi muyeso uti? Wendland sakubisa kuti nthawi zina amayi amalankhulidwa mawu opweteka kapena kusiyidwa okha. Komabe akukana kuti nkhani ithere pa khalidwe la munthu mmodzi pamene dongosolo lonse linamusiya manja ali m'khosi.

Mutu umene ndauona kukhala wamphamvu kuposa yonse ndi wa ziwerengero. Ambiri timatenga nambala ngati 675 kapena 439 ngati kuti wina anawerenga mitembo mmodzimmodzi. Sizili choncho. M'dziko limene imfa zambiri sizilembedwa m'kaundula, ofufuza amayenda khomo ndi khomo kufunsa amayi za abale awo aakazi obadwa nawo mimba imodzi: alipo angati, anamwalira angati, ndipo amene anamwalirawo anali ndi pakati kapena anali atangochira kumene? Kuchokera m'mayankho amenewo ndi momwe amawerengetsera za dziko lonse. Tsono taganizani za mtsikana amene anamwalira atachotsa pakati mobisa, banja n'kumauza anthu kuti anali malungo. Taganizani za mayi amene analibe mchemwali woti adzamutchule. Nambala imene imatuluka imakhala yongoyerekeza, yokamba za zaka zingapo zapitazo, koma ikafika pa msonkhano wa opereka thandizo imalankhulidwa ngati choonadi chosatsutsika, ndipo ndalama zimatsatira. Wendland sakunena kuti titaye ziwerengero. Akunena kuti nazonso ndi nkhani yopangidwa ndi anthu, yokhala ndi mipata yake. Wophunzira aliyense amene akukonzekera kuchita kafukufuku wa zaumoyo, kaya wa uchembere, wa malungo kapena wa mano, akuyenera kuwerenga mutu umenewu asanapite kumudzi ndi mafomu ake.

Mutu womaliza ndi wa ulamuliro, ndipo owerenga achikulire adzakumbukira zambiri. Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichoke. Mayi Joyce Banda atakhala Pulezidenti mu 2012 anaika mtima pa uchembere wabwino, ndipo mafumu, kutsogoleredwa ndi ena monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu, analimbikitsa malamulo a m'midzi oti wochilira pakhomo alipe chindapusa, nthawi zina mbuzi kapena nkhuku. Amayi anamvera. Mu 1992 amayi 55 mwa 100 aliwonse ndi amene ankachilira kuchipatala, mu 2010 anali 73, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 anali 91. Palibe angakane kuti uku ndi kupita patsogolo. Koma pamenepa ndi pamene pagona chenjezo lalikulu la bukuli: nkhani imodzi ikapatsidwa mphamvu zonse, yoti amayi amafa chifukwa cha azamba ndi kuchedwa kwawo, nkhani zina zimakwiririka, ndipo chisamaliro chimatha kukhala choopsa kuposa kale. Mayi amene anayambira kwa mzamba amabisa akafika kuchipatala, motero namwino sadziwa kuti matenda anayamba liti. Mzamba amene akugwira ntchito mobisa amaopa kuperekeza mayi zikavuta. Ndipo boma likamawerenga amayi amene afika pakhomo la chipatala, funso loti anapezako chiyani atalowa limachedwa kufunsidwa.

Zofooka zilipo, ndipo ndizinena mosabisa. Choyamba, mawu amene akumveka kwambiri ndi a anthu othandiza amayi. Amuna amasiye, agogo amene anatsala ndi khanda lopanda mayi, ndi amayi amene anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi akumveka mochepa kuposa momwe ndikanafunira. N'zoona kuti wolembayu anasankha dala kufufuza nkhani za akatswiri, koma buku lokamba za yemwe amamvedwa ndi yemwe samvedwa likanawapatsa malo okulirapo amenewa.

Chachiwiri chikukhudza mtima weniweni wa bukuli. Kulemekeza nkhani zonse ndi chinthu chabwino, ndipo Wendland monga dokotala akudziwa bwino kuti mayi amene akutaya magazi amafunika magazi, osati kukambirana. Komabe wowerenga wothamanga angatuluke ndi maganizo oti nkhani zonse zimalemera mofanana, kapena kuti poti palibe nkhani yathunthu ndiye kuti palibe choyambira. Mkulu wa zaumoyo m'boma, amene ali ndi ndalama zochepa ndipo ayenera kusankha pakati pa mafuta a ambulansi ndi kulemba anamwino ena, adzapeza m'bukumu zomuthandiza kuganiza mozama, koma zomuthandiza kusankha mawa m'mawa adzazipeza zochepa. Ndikanakonda wolemba akanalimba mtima pang'ono kumapeto n'kutiuza, monga munthu amene wagwira ntchito m'zipinda zimenezi, zinthu ziwiri kapena zitatu zimene iyeyo akanayambira.

Chachitatu si cholakwa cha wolemba yekha. Bukuli ndi la m'Chingerezi cha kuyunivesite, masamba ake ndi opitirira 300, ndipo linasindikizidwa kunja pa mtengo wa madola. Wendland amalemba momveka kuposa anzake ambiri a m'gulu lake, koma mzamba ndi msing'anga amene anamutsegulira mitima yawo sangathe kuwerenga zomwe zinatuluka m'macheza awo. Ili ndi vuto la kafukufuku wambiri wochitikira m'dziko muno: mafunso amafunsidwa m'Chichewa ku Ndirande, mayankho n'kukasindikizidwa m'Chingerezi ku Chicago. Tiyeneranso kukumbukira kuti zambiri zimene zili m'bukuli zinaonedwa zaka zapitazo, ndipo wowerenga asazitenge ngati chithunzi cha wodi iliyonse ya lero.

Ngakhale zili choncho, ili ndi limodzi mwa mabuku oona mtima kwambiri amene ndawerengapo okhudza zaumoyo m'Malawi. Sililoza chala mayi amene anafa, ndipo silichititsa manyazi namwino amene anatsala. Ophunzira unamwino, uzamba ndi udokotala aliwerenge asanayambe kulemba mawu oti "anabwera mochedwa" m'mafaelo a odwala. Mamembala a makomiti ofufuza imfa za amayi m'zipatala aliwerenge, mafumu ndi atsogoleri a mipingo amene amakhazikitsa malamulo a uchembere alimve. Pempho langa kwa osindikiza mabuku a m'dziko muno ndi kwa akuluakulu a Kamuzu University of Health Sciences ndi loti akambirane ndi wolembayu kuti bukuli lisindikizidwe kuno pa mtengo wa makwacha, ndipo mitu iwiri yokha, wa ziwerengero ndi wa ulamuliro, imasuliridwe m'Chichewa kuti ikawerengedwe kusikelo ndi pabwalo la mfumu.