Chombo chikanyamuka, zitsa zimatsalira ndani?

Anzanga a m'gulu lino, amene munaonera filimu ya Christopher Nolan ya 2014, Interstellar, mukukumbukira chiyambi chake: fumbi lili koboo, tirigu anatha kalekale ndi matenda, anthu angodalira chimanga. Kwa munthu wa ku Kasungu palibe chachilendo apa. Chimene chimandinyansa n'chakuti yankho la filimuyi ndi kuthawa basi. Dziko latha, tiyeni tikasake lina. Anawononga ndani, osafunsa. Chombo chenichenicho mungayese chimayendera madzi a pamjigo.

Ursula K. Le Guin anaona patali m'buku lake la 1972, The Word for World Is Forest. Anthu amaliza mitengo padziko lino, ndiye akwera zombo kupita ku Athshe, dziko la nkhalango zokhazokha, kukagwetsa mitengo n'kumatumiza matabwa kwawo. Eni dziko awasandutsa antchito okakamizidwa. Tawerengani bukuli mukuganiza za mabalani owotchera fodya, momwe moto umadyera nkhuni usiku ndi usana pafupifupi sabata yathunthu, mabelo n'kupita ku okushoni ya Chinkhoma, fodyayo n'kukasutidwa kutsidya kwa nyanja. Kuno kumatsala zitsa ndi matenanti. Simufunikanso wina wokutanthauzirani.

Komatu Le Guin naye ali ndi pofooka. Captain Davidson wake ndi chilombo chenicheni, woipa kuyambira tsamba loyamba, moti wowerenga amangomuloza chala iye n'kutsala woyera. Kwathu kuno wogwetsa msuku kapena muwanga nthawi zambiri ndi bambo amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Nkhani yolimba ikanatipweteka pamenepo.

Musati za zombo n'zakutali. Pa 30 Disembala 2024 chimkombero chachitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chinagwera m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo Kenya Space Agency inati chinachokera ku roketi. A m'mudzimo sanakwereko chombo chilichonse.

Buku la Imagine Africa 500, lomwe Shadreck Chikoti analimbikira kuti lituluke, linasonyeza kuti Amalawi amatha kulemba za m'tsogolo. Ndiye mmodzi wa inu atilembere chitsulo chotere chitagwera pa nazale ya fodya ku Santhe: amfumu akuti n'chawo, mwini esiteti akuti chagwera pamalo pake, wogula zitsulo zakutha wafika kale ndi sikelo.